KUMENE KUKHALA DOTHI LAKUDA

Alimi anzanga, tengani khasu, tiyende pamodzi kucokera pamwamba pa citunda kufikira kudambo, ndipo tikumbe maenje atatu.

Potsetsereka tipeza katondo wofiira ndi timiyala. Dothi lakuda liri pamwamba pokha, locepa. Patsinde pa citunda lacuruka. Koma m'dambo khasu limira lonse m'dothi lakuda bii.

Kodi cadetsa dothili nciani? Ndiwo masamba, udzu ndi mizu zimene zinaola kale. M'menemo muli cinthu cimene ophunzira acicha kaboni, ndico comwe ciri m'makala. Dothi lokhala naco cambiri lisunga cinyontho, lifewa polima, ndipo lidyetsa mbeu.

Nanga licurukiranji kunsi? Zifukwa zace nziwiri. Coyamba, mvula ikagwa potsetsereka, madzi athamanga, nakokolola dothi la pamwamba, nakalitula pamene mphamvu yao yathera. Caciwiri, m'dambo madzi akhala miyezi yambiri, natsekereza mpweya. Tsono tizirombo tosaoneka ndi maso, timene tioletsa zinyalala, tigwira nchito pang'onopang'ono, ndipo zotsala ziunjikana caka ndi caka. Madambo a ku Lilongwe ndi Kasungu ali otere.

Kuzizira kucita cimodzimodzi. Pamwamba pa mapiri a Zomba, Mulanje ndi Nyika mupeza dothi lakuda pansi pa udzu, ngakhale kuli kutali ndi cigwa. Koma kumene kutentha, monga ku cigwa ca Shire, zinyalala ziola msanga. Makande a kumeneko akuda ndithu, koma kuda kwace sikutanthauza kuti manyowa acurukamo monga m'dambo.

Cifukwa cace citani izi. Pa citunda limani mizere yopingasa, yosaloza kunsi, kuti madzi aime ndi kulowa pansi. Mapesi ndi udzu musatenthe; kwirirani m'mizere. Pamutu pa phiri siyani mitengo. Polima dimba, musakumbe ngalande yakuya pakati pa dambo, ndipo ng'ombe zisapite njira imodzi masiku onse. Pakuti pamenepo payamba cigwembe, madzi aphwa, mpweya ulowa, ndipo dothi lakuda liyamba kutha.

Dothi limeneli linaunjikana makolo athu asanabadwe, koma munthu mmodzi akhoza kuliononga ana ace asanakule. Nkhaniyi mukaikambirane ndi amfumu anu mvula isanagwe.