Mbale ya pa Khonjeni ndi Mbale ya ku Likoma

Akadauka lero mmodzi wa makolo athu amene adagona kale m'mapiri a Thyolo, nafika pa msika wa Khonjeni dzuwa lili paliwombo, naona mwamuna wamkulu, wa ndevu zake ndi banja lake, akusamba m'manja pakhomo pa eni, nadya nsima, napisa m'thumba kulipira mayi amene wamuphikira, ndithu akadagwira pakamwa. Pakuti m'masiku awo nsima sidali malonda. Wapaulendo ankanyamula kamba wake, chinangwa chootcha kaya mbatata, ndipo kambayo akatha ankapatukira pa mudzi uliwonse umene dzuwa lamulowera, naodira kwa mfumu, ndipo asanafunsidwe n'komwe za kumene achokera, madzi osamba m'manja adali atafika kale. Ankati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndiponso chakudya sichichepa, chichepa n'chovala.

Zimene zidasintha mwambo umenewu kuno kwathu ndi ziwiri, njanji ndi tiyi. Njanji yochokera ku chigwa cha Shire idafika ku Blantyre m'chaka cha 1908, ndipo pa Khonjeni padakhala siteshoni, monganso pa Luchenza ndi pa Sandama. Pambuyo pake minda ya tiyi idafalikira m'zitunda, wina wa Satemwa umene Maclean Kay adayamba mu 1923, wina wa Conforzi, Mtaliyana uja, ndi ina yambiri. Ndipo Alhomwe ochuluka, pothawa nkhanza za Apwitikizi, adaoloka Ruo kudzagwira ntchito m'mindamo. Tsono mudzi ukhoza kuchereza mlendo mmodzi kapena awiri, koma palibe mudzi pansi pano umene ungachereze amuna mazanamazana tsiku ndi tsiku, onse ali kutali ndi mafuwa a akazi awo. Apo mpamene amayi adayamba kuima m'mbali mwa njanji ndi malichero a nthochi, zitumbuwa ndi chinangwa chophika, napereka pazenera la sitima. Kenaka padabadwa tiirumu, ndipo tiirumu idabala lesitilanti.

Lesitilanti ya pa Khonjeni, ngakhale imalandira ndalama, siidaiwale kuti idachokera m'khitchini ya pamudzi. Mulibe pepala lolembapo zakudya. Munthu ukalowa nukhala pa benchi, umangofunsa kuti, "Mayi, ndiwo zilipo zanji lero?" ndipo iwo, akupukuta manja ku chitenje, amayankha kuti pali nyemba, nandolo, mazira, usipa, nyama ya mbuzi ndi nkhuku ya lokolo, nakufunsanso mwaulemu ngati bambo afuna ya ufa woyera kapena ya mgaiwa. Pano pali chinthu chimene ambiri amadya nacho osachizindikira, chakuti mtengo wa mbale umatsata ndiwo: nsima imakhala yomweyo kwa wa nyemba ndi kwa wa nkhuku, ndipo masamba, kaya ndi mpiru, nkhwani kapena chisoso, amangoikidwa pambali ngati moni. Wothyola tiyi amene wasenza dengu kumsana kuyambira mbandakucha, akadziwika nkhope, sabwezedwa chifukwa chosowa ndalama. Dzina lake limalowa m'kope la ngongole kudikira tsiku la malipiro, ndipo akadya mitanda itatu nayang'ana m'mbale mwachisoni, mayi wachifundo amaonjezera wachinayi osanena kanthu.

Kalongonda, amene Alhomwe amanyadira, musamuyembekeze kawirikawiri m'malo otere, pakuti afuna kuwiritsidwa nthawi yaitali ndi kutaya madzi ake kangapo kuti ululu uchoke, ndipo nkhuni za ntchito yotero zingadye phindu lonse la tsikulo. Za tiyi ndiye n'zoseketsa ndi zomvetsa chisoni pamodzi: m'boma limene tiyi amamera mpaka pakhomo, masamba abwino koposa amapita ku msika wa ku Limbe ndi kutsidya kwa nyanja, ndipo wa m'tiirumu amakoma chifukwa cha shuga ndi mkaka wothiridwa mopanda kaliwumira. Chimodzi chokha ndiye sindinyengerera. Amene adaona kolera ya mu 2022 ndi 2023 adziwa kuti beseni limodzi losambamo anthu khumi ndi manda. Lowani kumene akuthirirani madzi kuchokera m'jagi kapena m'ndowa ya mpopi, sopo ali pomwepo, ndipo idyani nsima ikadali kufuka nthunzi.

Tsono tiyeni kunyanja. Mmalawi wofuna kukapuma pa chilumba cha mchenga woyera ndi madzi oyera ngati galasi sayenera kukwera ndege ya ku Zanzibar kapena ku Mauritius, pakuti Mlengi adatipatsa Likoma ndi Chizumulu, zilumba zathu zimene zidazingidwa ndi madzi a dziko la Mozambique. Ambiri amafikako pa sitima ya Ilala, imene idapangidwa ku Scotland, niyamba kuyenda pa nyanja yathu mu 1951. Ndipo popeza zitsulo zake zidadzera ku Beira, pamene njanji ya kumeneko idali imodzi yokha, anthu a pa Khonjeni akhoza kunena mosanama kuti Ilala idadutsa kwawo isanalawe madzi. Chilumba cha Likoma n'chaching'ono, cha masikweya kilomita 18 okha kukula kwake konse, chodzala milambe ndi mango, ndipo pa Chipyela pali tchalitchi chachikulu cha St Peter's chimene amishoni a UMCA adayamba kumanga mu 1903, nyumba yoti munthu ukaiona umaiwala kuti uli pakati pa nyanja.

M'magombe ake muli malo ogona alendo, monga Kaya Mawa ndi Mango Drift, ndipo kadyedwe ka malo otere n'kamene kamazunguza munthu wozolowera benchi ya kwathu. Ine ndemwe, usiku wanga woyamba pa loji ina ya kumeneko, nditakhala pa tebulo loyalidwa pamchenga, nyali zikuyaka, mafunde akunyambita miyendo ya mpando, ndidalandira kambale ka supu ndi kabuledi, ndipo poganiza kuti ndiwo zatsogola, ndidakhala manja lende kudikira nsima, mpaka mnyamata woperekera zakudya, mwana wolelwa bwino, adawerama nandinong'oneza kuti, "Bambo, yambani kaye zimenezi, zina zikubwera." Kwa eni kulibe mkuwe; ndidamvera.

Mwambo wake ndi wotere. Chakudya chimadza m'magawo, kawirikawiri atatu: koyamba kanthu kotsegula kukhosi, kenaka mbale yaikulu ya nsomba kapena nyama ndi mpunga kapena mbatatesi, potsiriza kotsekemera. Mipeni ndi mafoloko zikachuluka musatekeseke. Yambani ndi zakunja, muzilowa m'kati gawo ndi gawo, ndipo mukakhuta muzigoneke pamodzi m'mbale, chimene chili chizindikiro kwa woperekera kuti achotse. Amene afuna kuyeseza asanawoloke nyanja sayenera kupita kutali, pakuti ku Huntingdon House, nyumba yakale ya banja la Kay pa Satemwa pomwepa, alendo amadya mwa dongosolo lomweli. Nsomba ya kampango, imene kwathu timaiona itauma ndi utsi, kumeneko imafika pa tebulo itavuulidwa m'mawa womwewo, yochotsedwa minga, ndipo munthu woona mtima avomereza kuti imakoma. Koma mutu wake, umene aliyense wa ife adziwa kuti ndiwo mfumu ya nsomba, sufika pa tebulo, ndipo ndikhulupirira kuti a kukhitchini sadandaula nazo.

Mtengo ndiwo umaumitsa pakamwa, makamaka poti malo ena amauwerengera m'madola a ku America, ndipo mgonero umodzi ukhoza kuposa zimene wothyola tiyi amadya pa Khonjeni kwa masabata angapo. Komabe tisafulumire kunena kuti ndi umbava. Dothi la Likoma ndi la mchenga ndi miyala, lobala chinangwa koposa chimanga, kotero kuti ufa, mafuta, shuga, zakumwa ndi ndiwo zambiri zamasamba ziyenera kuwoloka nyanja, zina pa sitima kuchokera ku Nkhata Bay, zina pa mabwato kuchokera ku Cobué. Ndipo sitima ikachedwa, kapena mwera ukakalipa m'miyezi yozizira, wophika amaphika chimene chilipo. Mlendo pamenepo alipira ulendo wa chakudyacho, alipira firiji imene idachisunga, alipira antchito, msonkho wa boma, ndiponso mpando umene wakhalapo poyang'ana dzuwa likumira m'madzi. Pa Khonjeni mpando ndi waulere, ndipo tomato wayenda mtunda wa kudimba kokha. Chifukwa chake, musanasungitse malo, funsani ngati pali mtengo wa nzika za dziko lino, pakuti malo ambiri ali nawo. Funsaninso ngati chakudya chili m'kati mwa mtengo wa chipinda, ndipo kumbukirani kuti zakumwa kawirikawiri zimawerengedwa padera. Kathokozo ka antchito sikakakamizidwa, koma ndi ulemu kusiya kangachepe.

Koma chimene ndingadandaule nacho n'chakuti Mmalawi akhale ku Likoma masiku asanu, nadya za pa loji zokhazokha, nabwerera osadziwa chimene eni chilumba amadya. Pa Mbamba, pamene pali msika ndi pamene sitima imakocheza, pali timalo todyera tofanana ndithu ndi ta kwathu, ta benchi ndi jagi ya madzi ndi mayi wofunsa ngati mwakhuta. Kusiyana kwake n'kwakuti nsima ya kumeneko kawirikawiri ndi kondowole, ya ufa wa chinangwa choviika, yonanda ndi yolemera m'mimba, ndipo ndiwo zake ndi usipa wauwisi kapena utaka wa tsiku lomwelo. Ife a ku Thyolo, amene tidakulira makaka, chinangwa si mlendo kwa ife, koma kondowole ali ndi kadyedwe kake: satafunidwa nthawi yaitali, mumatema mbamu yaing'ono, kuiviika bwino mu msuzi, ndi kumeza. Mukafika, mukauze mayi wophika m'mawa kuti mudzadya masana, kuti akakusungireni nsomba ngalawa zikamakocheza. Ndipo ndalama za mbaleyo mukatenge zogwirika m'manja.