Chizimalupsa chisanagwe, gwirani labala wa waipa

Labala wa waipa amatha kwambiri m'miyezi imene sakugwira ntchito. Kuyambira Meyi mpaka Okutobala, madalaivala ambiri sakhudza n'komwe kandodo koyatsira mawaipa, ndipo labala uja amangogona pagalasi lotentha moti simungaikepo dzanja. Dzuwa limamuumitsa pang'onopang'ono, fumbi limalowa m'ming'alu, mpaka m'mphepete mwake mosongoka muja, mmene mumapukuta madzi, mumayamba kunyenyeka. Mwini galimoto amadzazindikira zonsezi tsiku limene chizimalupsa chamupeza panjira. Akuyatsa mawaipa, m'malo moyera galasi likungopakika matope. Dzina lake lomwe limachita kuseketsa: waipa uja waipadi.

Mvula yoyamba ndi imene imayesa labala kuposa ina iliyonse. Madzi ake amasakanikirana ndi fumbi la miyezi isanu ndi umodzi, mathiraki odutsana nanu amakuwazani thope, ndipo madzulo ake ngumbi zimatuluka n'kumadziphwanya pagalasi chifukwa chotsatira magetsi a galimoto. Mafuta a ngumbi aja, labala wouma amangowafalitsa. Ndiye kubwere galimoto ina kutsogolo itawalitsa magetsi, galasi lonse limangoti mbuu. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imayenda mamita 22 pa sekondi imodzi yokha. Masekondi awiri osaona bwino ndi mtunda woposa mamita 40, ndipo tonse tikudziwa zimene zimakhala m'mphepete mwa msewu wa M1 nthawi yamadzulo: wakabaza wopanda nyali, amayi ochokera kuchigayo, ana othawa mvula atafunda pepala lapulasitiki kumutu. Ndiponso si nkhani ya dzinja lokha ayi. Amene amayenda ku Thyolo ndi ku Mulanje m'nyengo ya chiperoni, kapena kudutsa pa Dedza m'mamawa kuli chifunga, amafuna mawaipa ngakhale mu Juni.

Kuyeza labala sikufuna makaniko. Dzutsani waipa, yendetsani chala m'mphepete mwa labala kuchokera nsonga ina kufika ina. Wabwino amakhala wofewa, wosalala, ndipo mukamupinda amabwerera. Akakhala wokhakhala, wong'aluka, kapena atapendekera mbali imodzi osabwereranso, nthawi yake yatha. Kenako thirani madzi pagalasi n'kuyatsa mawaipa. Mizeremizere yotsalira, malo ena osapukutika, kulira kwa kwii-kwii kapena kudumphadumpha, zonsezi zikunena chinthu chimodzi. Komabe musanathamangire kusitolo, pukutani kaye labalayo ndi kansalu konyowa mpaka kasiye kuda, mutsukenso galasi bwinobwino. Nthawi zina vuto limangokhala utomoni wa mtengo wa mango umene mumaimikapo galimoto, kapena zitosi za mbalame.

Funso limene ambiri amafunsa n'lakuti, kodi tigule waipa yense kapena labala yekha? Galimoto zambiri zimene zili m'misewu yathu, monga Vitz, Sienta, Probox ndi Demio, zinachokera ku Japan, kumene kusintha labala yekha n'chizolowezi, ndipo mawaipa amene zimabwera nawo anapangidwa kuti labala azisololedwa n'kulowetsapo wina. Apa maganizo anga ndi awa: ngati chitsulo chogwira labala chili chowongoka, chosachita dzimbiri, ndipo mfundo zake sizikugwedera, musachitaye. Kawirikawiri chitsulo chobwera ndi galimoto chimakhala cholimba kuposa mawaipa otchipa ogulitsidwa m'mbali mwa msewu, amene amaoneka bwino m'paketi koma n'kuyamba kusiya madzi mvula isanathe. Labala yekha amatsika mtengo. Koma chitsulocho chikapindika, kapena tizikhadabo take togwira labala tikathyoka, labala watsopano sangathandize. Pamenepo gulani waipa yense basi.

Popita kukagula, kaya ndi ku Malangalanga ku Lilongwe, ku Ndirande kapena ku Limbe, nyamulani wakaleyo. Kungotchula dzina la galimoto sikukwanira, chifukwa galimoto ya dzina limodzi imasintha mawaipa malinga ndi chaka chimene inapangidwa. Vitz zina zili ndi mawaipa awiri, zina m'modzi yekha wamtali. Pagalimoto zambiri wa mbali ya dalaivala amakhala wamtali kuposa mnzake, ndipo utali umalembedwa papaketi m'mainchi kapena m'mamilimita, mwachitsanzo mainchi 24 amene ndi mamilimita 600. Wogulitsa akanena kuti "awa amalowa paliponse, bwana," yerekezani nokha ndi wakale uja. Wamtali kwambiri amagundana ndi mnzake kapena kumenya m'mphepete mwa galasi, wamfupi amasiya malo pamene maso anu amayang'ana. Pa labala yekha pali muyeso wachiwiri umene ambiri amauiwala, kukula kwa msana wake. Alipo a mamilimita 6, a 8 ndi ena okulirapo, ndipo wosiyana muyeso salowa m'tizikhadabo, kapena amalowa n'kumasololoka. Mugwireninso labala watsopanoyo musanapereke ndalama. Amene wakhala zaka atapachikidwa padzuwa pakhomo la sitolo amakhala atauma kale.

Tsopano ntchito yeniyeniyo. Choyamba, yalani thawulo lopindidwa kapena katoni pagalasi. Ichi musachidumphe. Mkono wa waipa uli ndi sipuling'i yamphamvu imene imaukanikizira pagalasi, ndipo mukachotsa waipa n'kusiya mkono wachitsulo uli chiimire, kungoukhudza pang'ono umagwa ndi mphamvu n'kung'amba galasi. Munthu amene amafuna kupulumutsa ndalama ya makaniko amapezeka akufunsa mtengo wa galasi lonse lakutsogolo.

Mikono yambiri imathera ndi ngowe yopindika ngati chilembo U. Pamene waipa wakolekedwa pali kaloko kakang'ono kapulasitiki. Kadineni, kokerani waipa chotsika kulowera kumene mkono wayambira, ndipo avuka. Gonekani mkono pathawulo paja. Ngati mwagula waipa yense, mulowetseni m'ngowemo n'kukokera m'mwamba mpaka mumve kuti thi, kenako mumugwedeze kuti mutsimikize kuti wagwira.

Ngati mukusintha labala yekha, jambulani kaye chithunzi pafoni kuti mukumbukire mmene zinakhalira. Labala amakhala ndi mbali imodzi yokhuthala, ya timabowo mmene chikhadabo chomalizira chimalowa. Gwirani mbali imeneyo n'kukoka mwamphamvu, ndi pulaya ngati zala zikuterereka, ndipo asololoka yense. M'mbali mwake mupeza tizitsulo tiwiri tatitali, topyapyala. Timeneti musataye, chifukwa labala wambiri amagulitsidwa wopanda tizitsuloti, ndipo ndi timene timamupatsa msana woti agone mofanana pagalasi lopindika. Onetsetsani kumene tapindikira musanatichotse, mutilowetse m'mizere ya labala watsopano chimodzimodzi. Kenako lowetsani labalayo kuyambira nsonga yopanda loko, adutse m'chikhadabo chilichonse osadumpha n'chimodzi chomwe, mpaka loko agwire. Chikhadabo chimodzi chikatsala kunja, chitsulo chimakhudza galasi n'kulemba mzere wokhota umene sudzafufutika, ndipo usiku uliwonse uzidzanyezimira pamaso panu penipeni. Waipa woyamba angakutengereni mphindi khumi, wachiwiri zosakwana pamenepo.

Ntchito imeneyi siyofunika kudikira bambo a kunyumba abwere kuulendo. Ndipotu m'modzi mwa anthu oyambirira kupanga waipa anali mayi, Mary Anderson wa ku Alabama m'dziko la America. Ali ku New York m'nyengo yozizira, anaona woyendetsa sitima yamumzinda akuvutika kuona njira chifukwa cha chipale chomata pagalasi, ndipo mu 1903 analandira chiphaso cha umwini wa chipangizo cha mkono ndi labala choyendetsedwa ndi dzanja munthu ali m'kati. Makampani a nthawiyo sanachione ngati chaphindu, moti iye sanapezepo ndalama.

Labala watsopano akamasiyabe madzi pakati, yang'anani mkono. Sipuling'i ikatopa, kapena mkono ukapindika chifukwa cha ana okonda kuseweretsa mawaipa galimoto ikaima, labala sakanikiza mokwanira, ndipo apa m'pamene makaniko akufunikadi. Amene muli ndi Sienta, Probox kapena galimoto ina ya chitseko chakumbuyo, kumbukirani waipa wakumbuyo uja, amene ambiri amamusiya mpaka labala atalendewera ngati chingwe.

Chimene chimadya labala watsopano msanga ndi kupukuta galasi louma. M'mawa galasi likakhala ndi fumbi, musayatse mawaipa opanda madzi, chifukwa fumbilo limakhula labala ndi galasi lomwe. Thanki ya madzi opopera pagalasi izikhala yodzaza ndi madzi oyera, ndipo ngati mukufuna kuthiramo kanthu, gulani mankhwala ake opangidwira ntchitoyo. Sopo waufa wochapira zovala amatseka timabowo topopera madzi ndipo amasiya zoyerayera pagalasi. Timabowoto tikatsekeka, singano kapena phini amatsegula, ndipo pagalimoto zambiri mungawongolere nayenso kumene madzi akulasa.

Opanga mawaipa ambiri amalangiza kusintha labala pakatha miyezi 6 mpaka 12. Kwa galimoto yogona panja m'dzuwa la ku Salima kapena ku Chikwawa, chaka chathunthu n'chachitali. Kumapeto kwa Okutobala, pamene mitambo yayamba kusonkhana masana ndipo alimi akumaliza kupanga mizere, ndiyo nthawi yabwino yogula, kuti labala watsopano akumane ndi mvula asanapse ndi dzuwa. Mukamugula mu Epulo, theka la moyo wake lithera pagalasi louma.