Masabata oyamba a HIV: nthawi imene ambiri amaiphonya

Kachilombo ka HIV kakalowa m'thupi, sikachedwa kuswana. Pakatha masabata 2 mpaka 4, anthu ambiri amamva kutentha thupi, mutu, zilonda zapakhosi, kuphwanya m'thupi, zidzolo komanso mwanabere. Zizindikirozi zimafanana ndi za chimfine kapena malungo ndipo zimatha zokha, choncho ambiri sazilabadira. Ena samva kalikonse.

Komatu iyi ndi nthawi yoopsa. Tizilombo timakhala tochuluka kwambiri m'magazi ndi m'madzi a m'thupi otuluka pogonana, motero n'kosavuta kupatsira wina. Kuonjezera apo, zipangizo zoyezera mwachangu zimafufuza asilikali amene thupi limapanga polimbana ndi kachilomboka, ndipo asilikaliwo amatha kutenga miyezi 3 asanaoneke. N'chifukwa chake amene wapezeka alibe kachilombo atangodutsa pachiopsezo amalangizidwa kukayezetsanso.

Zizindikiro zoyambazo zikatha, kachilomboka kamapitiriza kuononga mwakachetechete maselo a CD4, omwe amatsogolera chitetezo cha m'thupi. Munthu amaoneka wathanzi, amalima, amagwira ntchito, ndipo popanda mankhwala nyengoyi imatha kufika zaka 10.

Munthu wathanzi amakhala ndi maselo a CD4 oposa 500 pa muyeso wa kadontho ka magazi. Akatsika kuchepera 200, kapena munthu akagwidwa ndi matenda obwera chifukwa cha kufooka kwa chitetezo, madokotala amati wafika pa Edzi. Ena mwa matendawa ndi chifuwa chachikulu, matenda oumitsa khosi a cryptococcal meningitis ndi khansa ya Kaposi sarcoma. Popanda chithandizo, wodwala Edzi amakhala ndi moyo pafupifupi zaka 3.

Koma si aliyense amene ali ndi HIV angafike pamenepa. Dziko la Malawi, lomwe lidapeza wodwala Edzi woyamba mu 1985, lidayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004, ndipo kuyambira 2016 aliyense wopezeka ndi kachilomboka amayamba mankhwala mosadikira kuti CD4 itsike. Womwa mankhwala mwandondomeko tizilombo timachepa mpaka kusaoneka poyeza, ndipo pamenepo sapatsira mnzake pogonana.

Amene akuganiza kuti wakumana ndi chiopsezo, monga kugwiriridwa kapena kuphulika kwa kondomu, athamangire kuchipatala maola 72 asanathe kuti akalandire mankhwala a PEP, omwe amamwedwa kwa masiku 28.