Dulani kakhola kachitsanzo musanadule mitengo

Achikumbi anzanga, sabata ino tikambirane za luso limene ine ndaliyamba ndili wamkulu kale, ndipo mpaka lero ndikuphunzirabe. Lusoli ndi lojambula nyumba papepala, kumata pepalalo pa kathabwa kopyapyala, ndi kudula ndi kasowo mpaka patuluke kanyumba koti munthu n'kukanyamula m'manja. Ena anena kuti zimenezi n'zidole za ana. Inenso ndinkatero, kufikira tsiku limene ndinaonongetsa mitengo ya mayi ena a kufupi ndi doko la Kachulu.

Namondwe wa Freddy atadutsa m'mwezi wa Malichi 2023, mayiwa anandipempha nzeru ya khola la m'mwamba la mbuzi zawo zinayi, chifukwa khola lawo lapansi linali litasanduka thope lokhalokha. Ndinajambula kutsogolo kwa khola patsamba la kope ndi kulemba kuti miyendo ikhale mita imodzi. Ine ndinkatanthauza kuchokera padothi kufika pamene mbuzi zimaponda. Mwana wawo amene anamanga anawerenga monga ndinalembera, nadula mizati yonse isanu ndi umodzi mita imodziimodzi. Atakumbira pansi, khola linangofika m'mawondo, ndipo panalibe pogwira zipupa ndi denga. Mayiwa anangoti, "Alangizi, mitengo ija ndinachita kugula." Wolakwa sanali mnyamatayo ayi. Cholakwa chinali chojambula changa.

Chifukwa chake nkhaniyi ikutikhudza

Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Likangala, Domasi, Phalombe ndi mitsinje ina imangothira, ndipo madzi amachoka ndi dzuwa basi. N'chifukwa chake nyanjayi imaphwa zaka zina, monga mu 1968, 1995 ndi 2018, pomwe zaka zina monga 2015, 2019 ndi 2023 madzi amasefukira m'minda ndi m'midzi. Dothi la makande la m'madambo a kwa Mwambo ndi kwa Kuntumanji limasunga madzi nthawi yaitali. Mbuzi yogona pachinyontho imadwala chibayo, imaola ziboda, ndipo njoka zam'mimba sizichoka m'khola lotere. Khola la m'mwamba limachepetsa mavutowa, komanso manyowa amagwera pansi pamalo amodzi osavuta kuwola.

Koma kuno mitengo ndi yosowa. Mzati wabulugamu timachita kugula, ndipo ukadulidwa mofupika sungautalikitsenso. Tsono ndi bwino kulakwitsa pa kathabwa kotsala kwa kalipentala kusiyana ndi kulakwitsa pa mzati. Chinanso n'chakuti anthu ambiri, ngakhale ophunzira, savutika kumvetsa chinthu chimene achigwira ndi kuchitembenuza, pomwe mizere ya papepala aliyense amaimva mwakemwake.

Zipangizo zofunika

Kumaiko a Azungu anthu a lusoli amagwiritsa ntchito makina amagetsi otchedwa scroll saw, ndipo amadula zithunzi za matchalitchi ndi nyumba zakale zokongoletsera pakhoma. Makinawa anachokera ku kasowo kamanja kotchedwa fretsaw, kamene kali ndi chitsulo chopindika ngati uta ndi kampeni kamano ang'onoang'ono, kopyapyala ngati waya. Kamanjaka ndiko tikufuna ife, chifukwa sikalira magetsi. Funsani m'masitolo a zipangizo zomangira mu mzinda wa Zomba kapena ku Limbe, ndipo mugule timipeni tingapo tapadera poti timathyoka msanga m'manja mwa wophunzira.

Mufunikanso pulaiwudi yopyapyala ya mamilimita 3 kapena 4, rula, pensulo, guluu wamatabwa, msomali woboolera ndi pepala lalikulu. Kumbuyo kwa kalendala yakale kumachita bwino. Ngati kasowo simunakapeze, musaleke. Yambani ndi katoni yolimba ndi mpeni wakuthwa, malamulo ake ndi omwewo.

Choyamba, chepetsani miyeso

Lamulo losavuta ndi lakuti sentimita imodzi papepala iimire masentimita 10 a khola lenileni. Motero muyeso uliwonse mumangougawa ndi 10.

Titenge khola la mbuzi zazikazi zinayi. Mbuzi imodzi ndi mwana wake imafuna malo okwana pafupifupi sikweya mita imodzi ndi theka, choncho khola likhale mamita 3 mulitali ndi mamita 2 mulifupi. Papepala likhala masentimita 30 ndi 20. Kuchokera padothi kufika pathandala popondapo mbuzi ndi mita imodzi, papepala masentimita 10. Chipupa cha mita imodzi ndi masentimita 20 chikhala masentimita 12. Musaiwale chimene ine ndinaiwala: mzati umalowa pansi masentimita 60. Tikaphatikiza 60, 100 ndi 120 tipeza kuti mzati uliwonse ukhale mamita 2.8 osaduladula, ndipo pachitsanzo ukhala masentimita 28. Chigawo cholowa pansicho muchidetse ndi khala kuti aliyense achione.

Denga laudzu kapena lanjedza limafuna kutsetsereka kwambiri kuti mvula isalowe. Njira yake ndi iyi: msonga ya denga italike pamwamba pa chipupa ndi theka la mulifupi mwa khola. Khola lathu ndi la mamita 2 mulifupi, ndiye msonga ikwere mita imodzi. Denga lipitirire zipupa ndi masentimita 60 mbali zonse kuti mvula yamphepo isanyowetse mbuzi.

Chachiwiri, jambulani mbali iliyonse payokha

Wophunzira amafuna kujambula khola lonse monga limaonekera ukaima chapatali. Chithunzi chotere ndi chokongola koma sichidulika. Jambulani zidutswa zisanu ndi ziwiri, chilichonse pachokha ngati mwachigoneka pansi: kutsogolo, kumbuyo, mbali ziwiri, thandala, ndi mapiko awiri a denga. Kutsogolo ndi kumbuyo mujambule pamodzi ndi mizati yake itatuitatu. Chitseko ndi makwerero ake zibwere pamapeto.

Mukatha, detsani ndi pensulo malo onse amene adzachotsedwe, monga mipata ya pakati pa mizati ndi mipata yolowera mphepo m'zipupa. Kenaka ikani chala pamalo oyera ndi kuyenda nacho. Malo oyera onse ayenera kulumikizana. Mukapeza kachigawo koyera kozunguliridwa ndi mdima mbali zonse, dziwani kuti kadzagwa pansi mukadula. Ine tsiku loyamba ndinajambula chitseko chokongola pakati pa chipupa, ndipo nditadula mozungulira ndinatsala ndi chibowo, chitseko chili pamiyendo panga. Mankhwala ake ndi kusiya timilatho, ndiko kuti timalo tosadula tolumikiza chigawocho ku thabwa lonse. Pa pulaiwudi yopyapyala kamlatho kasachepere mamilimita 5, apo ayi kathyoka.

Lamuloli likuphunzitsanso za khola lenileni. Chimene chikulendewera pachitsanzo chidzalendeweranso pakhola. Mukaona kuti thandala la kakhola kanu likusowa pokhala, ndiye kuti mwaiwala mitanda yonyamula mbuzi.

Chachitatu, musajambule chilichonse

Thandala lenileni limakhala ndi timatabwa kapena nsungwi zokhomedwa motalikirana sentimita imodzi ndi theka, mpata wongokwana chala, kuti ndowe zigwe koma mwendo wa kamwana ka mbuzi usakodwe. Pachitsanzo mpata umenewu ungakhale milimita imodzi ndi theka, ndipo palibe wophunzira angadule mipata yotere yoposa 40 thabwa osasweka. Ine ndinayesa, ndinathyola timipeni tiwiri. Dulani mipata 8 kapena 10 yokha yoonetsa kumene timatabwa tikulowera, ndipo chiwerengero chenicheni muchilembe ndi pensulo pomwepo. Kuwerenga kwake n'kosavuta. Kathabwa ka masentimita 5 ndi mpata wake ndi 6.5, ndipo 300 kugawa ndi 6.5 ikutipatsa timatabwa 46 ta mamita awiriawiri.

Chachinayi, kumbukirani kuchindikala kwa thabwa

Apa ndi pamene anandigwira kalipentala wina wachikulire wa pa Jali, amene ndimakapempha zidutswa zotsala. Nditamuonetsa kakhola kanga kamene denga lake linkakana kukhala, anaseka nati, "Achimwene, pepala lilibe mnofu koma thabwa lili nawo." Mbali ziwiri zija zimalowa pakati pa kutsogolo ndi kumbuyo, choncho muzichotsere kuchindikala kwa matabwa awiri. Ngati pulaiwudi ndi ya mamilimita 4, mbali ikhale masentimita 19.2 m'malo mwa 20. Pakhola lenileni nkhani ndi yomweyo: muuzeni womanga ngati mamita 2 aja mukuyeza kunja kwa mizati kapena mkati mwake.

Kadulidwe kake

Matani pepala pathabwa ndi guluu wochepa kwambiri kuti lidzamatuke. Pezani thabwa lina lolimba, mulidule kampata konga mchira wa nsomba kumapeto, ndi kulikhomera m'mphepete mwa tebulo kuti litulukire kunja. Ntchito yanu muziigoneka pamenepo, kasowo kakuyenda mukampatako.

Mangani kampeni mano ake ataloza pansi kuchigwiriro, chifukwa kasowoka kamadula pokoka. Kakhale kokungika bwino, koti mukakakhudza kalire ngati waya wa bangwe. Yambani ndi mabowo amkati, kunja mudule pomaliza, kuti thabwa likhale ndi mphamvu nthawi yonse. Pamalo aliwonse odetsedwa boolani kabowo, masulani kampeni kumwamba, kalowetseni pabowopo ndi kumanganso. Kasowo kaime chilili, kazingokwera ndi kutsika pamalo amodzi, ndipo chimene mukutembenuza ndi thabwa. Pakona musasiye kucheka, pitirizani pamene mukutembenuza pang'onopang'ono. Mukakankha mwamphamvu kampeni kathyoka. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Musanathire guluu, yambani mwamangirira zidutswa zonse ndi ulusi kapena mphira kuti muone ngati zikukumana. Denga musalimate n'komwe, lizivundukulika kuti anthu aone mkati.

Ntchito ya chitsanzo

Kakhola kanga kachitatu ndiko kanaima bwino, ndipo ndinapita nako kwa mayi aja. Tinakhala pakhonde ndi mwana wawo, iye akuwerenga mizati, mitanda ndi mapaso ndi chala, ine ndikulemba. Mayiwo atakatembenuza anati, "Nanga khomoli mwalilozetsa kunyanja bwanji? Mphepo ya mwezi wa Juni simukuidziwa?" Analondola. Pa kope lija sakanatha kuona zimenezo. Tinatembenuza khomo tisanakumbe dzenje ngakhale limodzi. Mizati yofupika ija sinapite pachabe, ina inakhala makwerero ndipo ina modyera.

Njira yomweyi imagwira pa nkhokwe yokwezeka yokhala ndi malata otchinga makoswe m'miyendo, pa khola la nkhuku kapena la nkhunda, ngakhale pa thandala loyanikira matemba. Kalabu ya alimi itha kudula chitsanzo chimodzi n'kumabwerekana mudzi ndi mudzi, ndipo pepala lojambulidwa bwino limatha kukopedwa kambirimbiri. Ana asukulu amene akuphunzira masamu a miyeso angathandize kwambiri pa ntchito yogawa ndi 10 ija.

Musayembekezere kuti choyamba chidzakongola. Changa choyamba chinapendekeka ngati chisakasa cha kudimba. Chofunika ndi chakuti miyeso ikhale yoona ndipo chilichonse chikhale ndi pogwira. Nyengo yabwino yomanga makola ndi chilimwe, dothi litauma ndiponso udzu ulipo, choncho chitsanzo chikhale chitatha pofika mwezi wa Ogasiti. Mukachimaliza, kaonetseni alangizi a ziweto a m'dera lanu pamodzi ndi amene adzakumangireni, ndipo nkhwangwa igwire mtengo onse atavomereza.