Katundu Wamkulu Wotha Ntchito: Kodi Timtaye Kuti?

Nkhani iyi inalankhulidwa pa wailesi ndi Mlangizi wa Zaulimi wa m'boma la Thyolo.

Lero sindilankhula za chimanga kapena za nthochi ayi. Ndifuna tikambirane za katundu wamkulu wa m'nyumba amene watha ntchito, monga mafiriji, mawailesi akanema, mabatire, matiresi, mipando ya sofa, matayala ndi migolo. Ena adzati, kodi mlangizi wa zaulimi zamkhudza bwanji zimenezi? Zandikhudza chifukwa katundu ameneyu akatha amakagona m'munda, m'dimba kapena mu mtsinje, ndipo kumeneko ndiye kuntchito kwanga.

Makolo athu analibe vuto limeneli. Mphasa, lichero, mtondo ndi nkhokwe zikatha, chiswe chinali kumaliza ntchito yonse, ndipo dzala la pakhomo linali kusanduka manyowa. Katundu wa masiku ano chiswe chimamkana. Ambiri mwa katunduyu sanagulidwe watsopano kuno ayi. Amachokera ku Limbe ndi ku Blantyre, kumene mbale wathu akagula firiji yatsopano amakweza yakale pa lole nati, "Pititsani kumudzi." Wina amabwera ndi ana athu ochokera ku Joni. Akafika kuno amagwira ntchito chaka chimodzi kapena ziwiri, kenaka wafa. Kunena mosabisa, nthawi zina mphatso yotere ndi njira imene wa m'tauni amatayira zinyalala zake, ndipo mudzi ndiwo umasanduka dzala la mzinda.

Palinso njira ina imene ife a kuno timaidziwa bwino. Pa maesiteti a tiyi monga Satemwa, Naming'omba, Conforzi ndi Makandi, ntchito yotchola tiyi imachuluka nthawi ya dzinja, kuyambira Disembala mpaka cha mu Epulo. Ntchito ikachepa, kapena munthu akapuma pa ntchito, amatuluka m'nyumba ya pa esiteti nabwerera kumudzi. Chimene chili chabwino amanyamula, koma bedi lothyoka ndi matiresi ong'ambika amasiyira mnansi kapena kuponya m'chigwembe cha kuseri kwa nyumba.

Mumzinda wa Blantyre khonsolo ili ndi malo ake otayirako zinyalala ku Mzedi, ngakhale kuti magalimoto ake safika m'makwalala onse. M'midzi mwathu muno galimoto yotere sibwera. Komanso malo atichepera. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 720,000 m'boma la Thyolo, ndipo nthaka yabwino yambiri ili pansi pa tiyi. Munthu wokhala ndi kamunda ka theka la ekala sangathe kupatula mbali ina kuti ikhale dzala la zitsulo.

Tsono tiyambe ndi chinthu choopsa kopambana zonse, ndicho batire. Ndikunena batire lalikulu la galimoto, limene ambiri tsopano tikugwiritsa ntchito ndi sola pounikira m'nyumba ndi potchaja mafoni. Batire lotere likatha zaka ziwiri kapena zitatu limaleka kusunga moto. M'kati mwake muli zinthu ziwiri: madzi a asidi amene amawotcha khungu ndi kuchititsa khungu akagwera m'maso, ndi chitsulo cholemera chotchedwa mtovu. Kuposa theka la kulemera kwa batire ndi mtovu umenewu.

Mtovu suola ndipo susungunuka ndi kutha ngati feteleza. Munthu akaswa batire pabwalo, fumbi lake limalowa m'dothi ndi kukhalamo zaka zambirimbiri. Mwana wokwawa amagwira dothilo naika dzanja m'kamwa. Nkhuku zimatola momwemo, ife n'kudya mazira ake. Mtovu ukalowa m'thupi la mwana umaononga ubongo pang'onopang'ono, mwana amachepa magazi, sachedwa kukwiya, ndipo kusukulu zinthu sizimlowa. Makolo amayamba kuganizira anthu ufiti, chikhalirecho mfiti yake ili pansi pa mtengo wa mango pamene anaswera batire. Ku Senegal, m'dera lina la mzinda wa Dakar lotchedwa Thiaroye-sur-Mer, ana 18 anamwalira pakati pa 2007 ndi 2008 chifukwa anthu a kumeneko anali kuswa mabatire ndi kusefa dothi lake pakhomo kuti agulitse mtovu. Kwa anansi athu ku Kabwe, m'dziko la Zambia, mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994, koma kufikira lero madokotala akupezabe mtovu wambiri m'magazi a ana a m'tauniyo.

Chotero batire lakufa musaliswe, musalikhuthule madzi ake, ndipo musasungunule mtovu wake pa mbaula kuti mumatire poto wobooka. Liimikeni chilili pamalo ouma pamene ana safikapo, ndipo mukaligulitse lathunthu. Ogula mabatire akale amayendayenda m'misika ya Bvumbwe, Luchenza ndi pa Boma, ndipo masitolo ena ogulitsa mabatire amalandira lakale pamene mukugula latsopano. Funsani musanalipire. Asidi akatayikira pansi, thirani phulusa lambiri la nkhuni, pakuti phulusa limapha ukali wake. Akagwera pakhungu kapena m'maso, tsukani ndi madzi ambiri kwa nthawi yaitali, kenaka thamangirani kuchipatala.

Chachiwiri ndi firiji. Firiji yakufa yosiyidwa pakhonde imaoneka ngati chinthu chofatsa, koma ana amaiyesa nyumba yobisalamo posewera. Chitseko chake chinapangidwa kuti mpweya usalowe, ndiponso mawu a mwana wolira m'katimo samveka kunja. Ku America ana ambiri anafa motere, kufikira Boma la kumeneko linaika lamulo mu 1956 lakuti firiji iliyonse yatsopano izitha kutseguka ndi munthu wokankha ali m'kati. Koma firiji yogonekedwa chagada, kapena ija yaikulu yotsegula cham'mwamba imene agolosale amasungiramo nsomba ndi zakumwa, chitseko chake n'cholemera kwa mwana wa zaka zinayi. Tsiku lomwelo limene mwatsimikiza kuti firiji yafa, masulani chitseko. Ndi ntchito ya sikuludiraiva ndi mphindi zochepa chabe.

Kumbuyo kwa firiji kuli timapaipi ndi chinthu chakuda chozungulira chimene amisiri amachitcha kompuresa. Musaboole timapaipi timeneti ndi mpeni kapena chikwanje. M'mafiriji akale muli mpweya umene umaononga mlengalenga, umene maiko anapangana kuuleka pa msonkhano wa ku Montreal mu 1987. M'mafiriji ambiri atsopano muli mpweya wina umene umayaka ukakumana ndi moto. Itanani wokonza mafiriji ayambe waiona, chifukwa kawirikawiri chimene chafa ndi kachipangizo kakang'ono, ndipo ngati yafadi, iye yemweyo adzagula kompuresayo. Bokosi lotsalalo, lopanda chitseko, ndi kabati yabwino yosungiramo makasu, zikwakwa ndi zingwe.

Wailesi yakanema yachikale ija, ya mimba yaikulu kumbuyo, galasi lake nalonso lili ndi mtovu, ndipo m'kati mwake mulibe mpweya, kotero kuti likamenyedwa ndi mwala limaphulika ndi kumwaza zidutswa. Isungeni yathunthu mpaka mutapeza wokonza mawailesi woifuna. Anyamata ena amasonkhanitsa mawaya a zinthu zotere nawatentha kuti atsale ndi kopa wogulitsa. Utsi wakuda umene umatuluka pamenepo ndi chiphe cha m'mapapo, ndipo phulusa lake limaipitsa nthaka. Waya amasendedwa ndi mpeni monga tisendera nzimbe.

Za matiresi ndi mipando sindichulutsa mawu, pakuti amayi amazidziwa kuposa ine. Siponji ya matiresi siyenera kutenthedwa, utsi wake umakomola munthu. Idulidwe ikhale mapilo, makushoni, kapena chokhalira cha pa njinga ya kabaza. Matabwa a sofa apite kwa kalipentala, masipuling'i apite pa mulu wa zitsulo. Koma thabwa lopakidwa penti kapena lothiridwa mankhwala a chiswe lisalowe pamoto wophikira. Bedi lachitsulo, felemu ya njinga ndi malata akale ndi chuma kwa owotcherera zitsulo ndi okhoma zidebe. Mbaula zambiri zimene mumagula pamsika zinali denga la munthu wina. Chitsulo chadzimbiri chosiyidwa m'udzu chimacheka phazi la wolima, ndipo bala lotere lolowa dothi ndilo khomo la kafumbata.

Matayala ndi zigubu zosweka zimasunga madzi a mvula. Kunena zoona, udzudzu wa malungo umakonda kwambiri zithaphwi za pansi, koma m'matayala mumaswana mitundu ina imene imaluma ngakhale masana, ndipo nyengo yotentha dzira la udzudzu limasanduka udzudzu wouluka m'masiku osapitirira khumi. Tayala lidulidwe likhale nkhwaila, zingwe zomangira kapena modyera nkhumba. Likakanika zonsezi, lidzazeni dothi mubzalemo tsabola.

Tsopano ndifike pa migolo ndi zigubu za mankhwala a mbewu, pakuti pamenepa ndi pa ntchito yanga yeniyeni. Kuno kwathu, kumene kuli maesiteti a tiyi ndi makadamiya ndi madimba ambiri a tomato ndi kabichi, zotengera zotere sizisowa. N'zolimba, n'zokongola, ndipo mayi aliyense akaziona amaganiza za madzi akumwa kapena thobwa. Ena amatcherezeramo kachasu. Ndikupemphani, abale anga, musatero. Mankhwala amalowerera m'pulasitiki ndi m'mizere ya mgolo, ndipo ngakhale mutatsuka ndi sopo ndi mchenga, fungo likhoza kutha koma chiphe chikadalimo. Njira yake ndi iyi: mankhwala akangotha, thirani madzi m'chigubumo pang'ono, tsekani, khutchumulani, ndipo madziwo muwathire m'sipuleya kuti akapoperedwe m'munda momwemo. Chitani chomwecho katatu. Mukatero boolani chigubucho pansi kuti wina asachitole n'kukatungira madzi. Madzi otsukirawo asapite ku mtsinje. Ngati mwapeza mgolo umene muli mankhwala otsala osadziwika dzina, musaukwirire ndipo musautsegule. Uzani mlangizi wa dera lanu. Tili ndi mwayi kuti bungwe la Boma loyang'anira mankhwala amenewa, la Pesticides Control Board, lili pafupi pompano pa Bvumbwe.

Chigwembe chimaoneka ngati malo a chabe, koma ndi njira ya madzi. Dziko lathu ndi lamapiri, ndipo chimene mwaponya kumtunda chimatsikira ku Nsuwadzi kapena ku Luchenza, n'kukafika ku Ruo, mpaka mu Shire ku Chiromo. Matiresi amodzi ndi nthambi zingapo zikwanira kutseka kalavati ya pamsewu. Madzi akasowa podutsa amadzipangira njira m'munda wa munthu, natenga mizere, mbewu ndi nthaka ya pamwamba. Amene munaona mvula ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 mukudziwa mphamvu ya madzi a m'mapiri muno. Chigwembe chimachira ndi udzu wa vetiva, nsungwi ndi miyala yotchinga, osati ndi mafiriji akufa.

Inu mafumu, mbali yanu ndi iyi. Wogula zitsulo sangatumize lole chifukwa cha bedi limodzi, ndipo munthu akagulitsa yekha kwa mnyamata woyenda ndi njinga amalandira mtengo wolira. Koma mudzi wonse ukaunjika pamodzi, wogula amabwera yekha ndipo mtengo mumakambirana muli ndi mphamvu. Patulani malo amodzi okwera, kumene madzi osefukira safikako, otalikira chitsime kapena mjigo ndi mapazi osachepera 100, ndipo muwatchinge ndi mpanda. Zitsulo zikhale pazokha, mabatire pansi pa denga. Nyengo yabwino ndi ya chilimwe, anthu atakolola, misewu ili youma. Pa tsiku logulitsa pakhale mlembi wolemba dzina la mwini ndi makilogalamu ake, ndipo sikelo muyambe mwaiyesa ndi thumba la shuga la kilogalamu imodzi losatsegula.

Chenjeraninso ndi malonda omwewa, pakuti kumene zitsulo zili ndi mtengo, akuba sachedwa. Mukaona pa muluwo chogwirira cha mjigo, mawaya a magetsi, chitsulo cha njanji kapena mapaipi a pa esiteti, funsani kumene zachokera lole isananyamuke. Ndipo ngati katundu ali wa munthu womwalira, asagulitsidwe ndi abale a malemu mwa okha. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana, ndipo kulanda katundu wa m'nyumba ya masiye ndi mlandu, ngakhale atakhala makina osokera akufa.

Otsala ndi magalasi osweka ndi mbale zadothi, zimene palibe wogula. Izi zikwiriridwe m'dzenje lakuya pamalo omwewo amene mfumu yapatula, osati m'dzenje la kompositi, chifukwa manyowa amenewo mudzawagwira ndi manja pobzala. Alangizi a m'madera mwanu ali okonzeka kubwera kudzathandiza kusankha malowo ngati mfumu itatumiza uthenga ku ofesi ya zaulimi mvula isanayambe.