Wavedash ndi maluso ena a kayendedwe m'magemu omenyana

Wavedash ndi luso la kayendedwe limene osewera magemu omenyana a pakanema amagwiritsa ntchito pa mipikisano. Wosewera amachititsa mtengambali wake kutsetsereka pansi, kupita kutsogolo kapena kubwerera m'mbuyo, koma ali chiimire ndiponso ali wokonzeka kumenya. Dzinali linayambira m'gemu ya Tekken, koma linatchuka kwambiri ndi gemu ya Super Smash Bros. Melee, imene kampani ya Nintendo inatulutsa ku Japan pa 21 Novembala 2001 pa makina a GameCube. Luso limeneli lili m'gulu limodzi ndi dash dance, L-cancel ndi Korean backdash. Onsewa ndi maluso amene sachotsa mphamvu za mdani mwachindunji. Ntchito yake ndi kuika mtengambali pamalo oyenera pa nthawi yoyenera, ndipo pakati pa akatswiri nthawi zambiri ndi zimenezi zimene zimasiyanitsa wopambana ndi wogonja.

Mmene nthawi imawerengedwera

Magemu ambiri omenyana amaonetsa zithunzi 60 pa sekondi imodzi, ndipo chithunzi chilichonse amachitcha felemu. Chilichonse chimene mtengambali achita chili ndi mafelemu ake: pali mafelemu okonzekera nkhonya isanatuluke, mafelemu amene nkhonyayo ikhoza kupweteka mdani, ndi mafelemu obwerera m'malo. Pa mafelemu omalizirawa mtengambali sangatchinge, sangathawe, ndipo apa ndi pamene amapwetekedwa. Wosewera waluso amayesetsa kuti mdani aponye nkhonya m'malere, kenako iye n'kulowa mdaniyo asanabwerere m'malo.

Maluso ambiri a kayendedwe amachokera pa mfundo imodzi, yoti zochita zina zikhoza kudulidwa pakati ndi zochita zina zisanathe. Mfundoyi ndi yakale. Mu Street Fighter II, gemu ya kampani ya Capcom ya mu 1991, okonza gemuyo anafuna kuti nkhonya zapadera zisamavute kutulutsa, ndipo zotsatira zake zinali zoti nkhonya wamba inkatha kudulidwa ndi nkhonya yapadera. Anazisiya choncho, ndipo m'menemo ndi mmene munachokera nkhonya zolumikizana zimene lero zili m'gemu iliyonse yomenyana. Kayendedwe kanadzatsata njira yomweyo: ngati nkhonya ingadulidwe, ndiye kuti kudumpha, kuthamanga ndi kubwerera m'mbuyo kungadulidwenso.

Mmene wavedash imachitikira mu Melee

Melee inakonzedwa ndi kampani ya HAL Laboratory motsogozedwa ndi Masahiro Sakurai. Imasiyana ndi magemu ena omenyana chifukwa cholinga si kumaliza moyo wa mdani koma kumuponya kunja kwa bwalo. Bwalolo lili ndi malekezero mbali zonse ziwiri, ndipo mabwalo ambiri ali ndi tinsanja toyandama m'mwamba. Choncho malo amene munthu waima ali ndi phindu lalikulu kuposa m'magemu ena.

M'gemuyi mtengambali akhoza kuzinda ali m'malere. Wosewera akadina batani la L kapena R mtengambali atadumpha, mtengambaliyo amakankhidwira kumene kandodo ka padi kaloza. Wavedash imabadwa pamene wosewera adina batani lodumphira, ndipo mapazi asanatalikire nthaka, n'kuzinda kandodo kataloza pansi mopendekera kumanja kapena kumanzere. Mtengambali amagunda pansi nthawi yomweyo, koma liwiro la kuzinda kuja silitha. Limasanduka kutsetsereka. Woonera saona kudumpha kulikonse, amangoona munthu akuterereka ngati waponda pamatope, ndi kautsi koyera kumapazi.

Nthawi yake ndi yochepa zedi. Mtengambali aliyense amayamba wanjuta asanadumphe: Fox amanjuta mafelemu 3, Marth 4, Falco 5, pamene Bowser amafika 8. Wosewera ayenera kudina batani lozindira mafelemu amenewa akangotha. Akafulumira, kuzinda sikuchitika ndipo mtengambali amangodumpha. Akachedwa, mtengambali amakwera kaye m'mwamba n'kutsika mochedwa, mdani akumudikira. Akagunda pansi pamakhala mafelemu 10 amene sangachite kanthu, kotero wavedash yonse ya Fox imatha kota ya sekondi isanakwane. Poti chiwerengero cha kunjuta chimasiyana, munthu amene zala zake zazolowera Fox amafunika kuphunziranso akatenga Falco, ngakhale kusiyana kwake ndi mafelemu awiri okha.

Kutalika kwa kutsetserekako kumadalira zinthu ziwiri. Choyamba ndi mmene mapazi a mtengambali amagwirira pansi. Luigi ndi woterera kuposa onse, choncho wavedash yake ndi yaitali kwambiri, ndipo osewera ake sathamanga kawirikawiri, amangotsetsereka. Ice Climbers ndi Mewtwo nawonso amapita patali. Peach ndi Zelda amangosuntha pang'ono. Chachiwiri ndi kupendekeka kwa kandodo. Kakaloza pansi penipeni, mtengambali amatera pomwe anali. Kakayandikira kuloza cham'mbali, amapita patali, mpaka pa madigiri pafupifupi 17. Kupitirira apo gemu imaona ngati kandodo kaloza cham'mbali ndithu, ndipo mtengambali amazinda m'malere osagunda pansi. Mtunda wabwino koposa uli pafupi kwambiri ndi cholakwa choipa koposa.

Phindu lake

Munthu angafunse chifukwa chovutikira chonchi pamene gemu ili kale ndi kuthamanga. Yankho lili pa zimene gemu imalola. Mu Melee mtengambali akamathamanga, nkhonya zambiri zimene amaponya ataima zimatsekeka. Koma wavedash ikatha mafelemu ake 10, gemu imamuwerenga ngati waima, ngakhale akutsetserekabe. Nkhonya zake zonse zimatseguka. Marth akhoza kutsetsereka n'kufika ndi lupanga lake lamphamvu pamalo amene mdani ankaganiza kuti silingafike.

Chachiwiri, wavedash sitembenuza nkhope. Wothamanga akafuna kubwerera m'mbuyo amapatsa mdani msana, pamene wotsetsereka amabwerera akuyang'anabe mdaniyo. Nkhonya ya mdani imadutsa pamphuno, iye n'kubweza pomwepo. Chachitatu, gemu imalola kudumpha munthu ali m'chishango, choncho wavedash ndi njira yotulukira m'chishango imene ili yachangu kuposa kugubuduzika, kumene kumatenga nthawi yaitali ndipo mdani amakuwerenga mosavuta. Palinso waveland, imene ndi kuzinda komweko koma potera pa kansanja, kuti mtengambali asataye nthawi kuyembekezera kuti atsike yekha.

Kumalekezero a bwalo ndi kumene lusoli limaonetsa ubwino ndi kuopsa kwake. Mu Melee mtengambali mmodzi yekha ndi amene angagwire m'mphepete mwa bwalo pa nthawi imodzi. Wosewera akhoza kutsetsereka chafutambuyo, n'kugwa pang'ono, n'kugwira m'mphepetemo, ndipo mdani amene amabwerera amasowa pogwira n'kugwera kuphompho. Ndiye pali ledgedash: wolendewera m'mphepete amasiya, n'kudumpha, n'kuzinda molowa m'bwalo. Akachita mwachangu amafika m'bwalo akadali ndi mafelemu ochepa amene nkhonya sizimukhudza. Akaphonya pang'ono amazinda ali kunsi kwa bwalo, ndipo poti munthu akazinda m'malere sangachitenso kanthu mpaka atatera, amagwa n'kutaya moyo umodzi mwa inayi popanda womukhudza. Ngakhale akatswiri zimawachitikira pa masewera omaliza a mipikisano ikuluikulu.

Fox ali ndi mwayi wina. Chida chake chobweza zipolopolo, chimene osewera amachitcha shine, chimatuluka pa felemu yoyamba ndipo chikhoza kudulidwa ndi kudumpha. Akalumikiza ndi wavedash, amamenya, n'kutsetsereka kutsatira mdani, n'kumenyanso, mpaka kumufikitsa kumalekezero. Zimenezi amazitcha waveshine, ndipo ndi chimodzi mwa zifukwa zimene Fox amaonedwa ngati mtengambali wamphamvu koposa m'gemuyi.

Dash dance ndi L-cancel

Ngakhale wavedash ndiyo imatchuka, dash dance ndi yosavuta kuchita koma yovuta kuigwiritsa bwino ntchito. Pa mafelemu oyambirira a kuthamanga, mtengambali akhoza kutembenuka nthawi yomweyo popanda kuterereka. Wosewera amakankha kandodo uku ndi uku, mtengambali n'kumalowa ndi kutuluka pamalo amene nkhonya ya mdani ingafike. Ndi nyambo: mdani akaponya, wovinayo watuluka kale, ndipo akubwerera kudzamugwira. Marth ndi Captain Falcon ali ndi mpata wautali wotembenukira, Sheik wake ndi waufupi. Ken Hoang wa ku United States, amene analamulira mipikisano ya Melee m'zaka zake zoyambirira akugwiritsa ntchito Marth, ndi mmodzi mwa amene anaonetsa anthu mphamvu ya lusoli.

L-cancel imakhudza kutera. Mtengambali akaponya nkhonya ya m'malere n'kutera isanathe, amachedwa kudzuka. Wosewera akadina L, R kapena Z m'kati mwa mafelemu 7 asanatere, kuchedwako kumadulidwa pakati. Luso limeneli linaikidwamo dala, ndipo linalipo kale mwa mtundu wina m'gemu yoyamba ya Super Smash Bros. ya mu 1999. Anthu ena amalidzudzula, ndipo mfundo yawo ndi yomveka: palibe nthawi imene kusachita L-cancel kumapindulitsa, choncho silipatsa wosewera chosankha, limangomuonjezera batani loti adine kambirimbiri pa masewera amodzi. Oliikira kumbuyo amati mdani akhoza kusokoneza nthawi yake, mwachitsanzo posintha mmene wagwirira chishango.

Mu Tekken ndi magemu ena

Tekken, imene kampani ya Namco inayamba kutulutsa mu 1994, imaseweredwa pa bwalo limene munthu akhoza kupatukiranso cham'mbali. Atengambali a banja la Mishima, monga Kazuya ndi Heihachi, ali ndi kayendedwe kolowa chowerama, kamene kamachitika pokankha kandodo kutsogolo, kukasiya pakati, kukatsitsa pansi, kenako pansi mopendekera kutsogolo. Wosewera akabwereza zimenezi mwachangu, mtengambali amabwera akuwerama ndi kudzuka ngati mafunde, ndipo apa ndi pamene panachokera dzina la wavedash. Mdani sadziwa ngati kukubwera chomenya cha kumiyendo kapena cha pamimba, ndipo kutchinga kwa ziwirizi n'kosiyana.

Korean backdash ndi yobwerera m'mbuyo. Kudumphira m'mbuyo kamodzi kumatha ndi mafelemu amene mtengambali sasuntha. Wosewera amadula mafelemu amenewo pokankha kandodo pansi mopendekera kumbuyo, n'kuyambanso kudumphira m'mbuyo nthawi yomweyo. Dzinali linabwera chifukwa osewera a ku South Korea, kumene nyumba zosewerera magemu zinali zodzaza ndi akatswiri a Tekken, ndi amene analionetsa kwa osewera a maiko ena. Mu Marvel vs. Capcom 2 ya mu 2000, kuthamanga kumadulidwa ndi kuwerama n'kuyambidwanso, ndipo kumenekonso amati wavedash. Dzina ndi limodzi koma kachitidwe kake m'magemu atatuwa n'kosiyana.

Mkangano ndi okonza gemu

Kwa zaka zambiri osewera ankatsutsana ngati wavedash ya mu Melee ndi cholakwika cha pulogalamu kapena ayi. Mu 2008 Sakurai anauza magazini ya Nintendo Power kuti anaiona gemuyo ikukonzedwa. Komabe sanasangalale ndi mpata umene maluso otere anatsegula pakati pa akatswiri ndi ongoyamba kumene. Mu Super Smash Bros. Brawl, imene inatuluka mu 2008 pa makina a Wii, kuzinda m'malere kunasinthidwa kuti kusakankhire mtengambali kulikonse, choncho wavedash inatha. L-cancel inachotsedwa, ndipo anaikamo kupunthwa kongochitika mwa apo ndi apo munthu akayamba kuthamanga, kumene kunasandutsa dash dance kukhala juga.

Osewera ambiri sanasamuke. Ena anasintha Brawl okha n'kupanga Project M, imene inabwezeretsa kayendedwe ka Melee, mpaka ntchitoyo inaimitsidwa mu Disembala 2015. Ena anangopitiriza ndi Melee pa ma TV akale a chimsana, amene sachedwetsa chithunzi ngati ambiri a masiku ano. Mu 2013 gemuyi inabwerera ku mpikisano wa EVO ku Las Vegas, okonda Melee atasonkha ndalama zoposa magulu ena zothandizira kafukufuku wa khansa ya m'mawere. Nintendo inayesa kuletsa kuti mpikisanowo uulutsidwe pa intaneti koma inasintha maganizo anthu atadandaula, ndipo Joseph Marquez, wodziwika kuti Mango, ndi amene anapambana. Super Smash Bros. Ultimate ya mu 2018 inabwezeretsa kuzinda kolunjika mbali, koma kutsetsereka kwake n'kwakufupi moti sikugwira ntchito ngati kwa mu Melee.

Manja ndi mapadi

Liwiro limeneli lili ndi mtengo wake. Osewera ena a Fox avulala zala ndi mikono chifukwa chodina mabatani mobwerezabwereza kwa zaka. Aziz Al-Yami, amene ankadziwika kuti Hax, anachitidwa maopaleshoni a dzanja, ndipo pambuyo pake anatsogolera kupangidwa kwa B0XX, padi ya mabatani okhaokha yopanda kandodo. Mapadi otere anadzutsa mkangano wina, poti batani limapereka kupendekeka komweko nthawi zonse pamene chala pa kandodo chimaphonya.

Ngakhale mapadi a GameCube enieniwo safanana. Ena amalola kutembenuka mwachangu mosavuta, ena amakana, ndipo osewera ankagula mapadi ambirimbiri kufunafuna yabwino. Ena amasema timipata m'mphepete mwa bowo la kandodo kuti kazikodwa pa madigiri oyenera wavedash yaitali. Mu 2017 kunatuluka Universal Controller Fix, kapulogalamu kamene kamaikidwa m'gemu kuti mapadi onse azimveka mofanana pa kutembenuka ndi pa kutsika pa kansanja uli m'chishango, ndipo mipikisano yambiri inakalandira. Mu 2020 pulogalamu ya Slippi inabweretsa njira yosewerera Melee pa intaneti popanda kuchedwa koonekera, zimene zinalola anthu okhala kutali ndi mipikisano kuyeserera maluso amenewa ndi anzawo pa kompyuta.