Kusinkhasinkha za Chifundo pa Foni ndi Umoyo wa Otumikira M'ndege

M'chaka cha 1983, katswiri wa chikhalidwe cha anthu Arlie Hochschild, atafufuza ntchito ya otumikira apaulendo m'ndege za Delta Air Lines, anaonetsa m'buku lake The Managed Heart kuti antchitowa amagulitsa ngakhale kumwetulira kwawo, popeza amayenera kuoneka ansangala pamene mtima ukuwawa. Kubisa zakukhosi kotereku, kukaphatikizana ndi kusowa tulo chifukwa chouluka usiku ndi kudutsa m'maiko osiyana nthawi, kumafoola munthu pang'onopang'ono. Mu 2021 bungwe loona za ndege ku America, FAA, linalandira malipoti pafupifupi 6,000 a apaulendo osamvera malamulo, ndipo oyamba kulandira mwanowo anali otumikirawa.

Kusinkhasinkha za chifundo, kumene kunachokera ku chiphunzitso cha Chibuda chotchedwa metta, ndi chizolowezi chokhala chete, kupuma modekha ndi kufunira anthu zabwino mumtima, kuyambira mwini wake, kenaka okondedwa, mpaka amene wamukhumudwitsa. Mapulogalamu a pafoni monga Insight Timer amatsogolera zimenezi ndi mawu ojambulidwa, kotero kuti wotumikira amene wafika kuhotelo pakati pa usiku, mapazi atatupa, angathe kumvetsera kwa mphindi khumi asanagone. Gawo lodzichitira chifundo ndilo lofunika koposa, chifukwa wozolowera kusamalira ena amaiwala kuti nayenso ndi munthu.

Komabe foni singalowe m'malo mwa tulo, ndipo makampani a ndege amene amalimbikitsa mapulogalamuwa ayenera kuyamba apereka nthawi yokwanira yopuma ndi kuteteza antchito awo kwa apaulendo achipongwe.